WD-40 ndi ufa wa graphite pa maloko akale: ndemanga yochokera ku Nkhotakota

WD-40, mankhwala opopera a m'chitini, ndi katswiri potsuka loko ndi kumasula dzimbiri, koma si mafuta oti loko akhale nawo chaka chonse. Pa kutsuka ndikumupatsa nyenyezi zisanu. Pa kufewetsa loko kwa nthawi yaitali, ziwiri basi. Ntchito yachiwiriyo imayenera ufa wa graphite (chakuda chija chimene chimalemba m'pensulo), uja umabwera m'kabotolo kakang'ono kofinya. Ziwirizi ndazigwiritsa ntchito pa maloko okolowekera a pagolosale ndi pageti, komanso pa maloko olowa m'chitseko a kiyi wamtali.

Madzi a nyanja yathu alibe mchere, ndiye chimene chimapha maloko kuno si mchere ayi. Ndi chinyezi cha dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kenako fumbi ndi mchenga zimene mwera umanyamula pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Loko wa pakhomo loyang'ana kunyanja, kaya ndi ku Chia kaya ku Dwangwa, amalandira zonse ziwiri. Thupi la loko likakhala la brass (mkuwa wachikasu) silichita dzimbiri, koma chitsulo chopindika chija ndi timasipuling'i tam'kati zimachita. Onjezani mavu aja omata dothi m'bowo lililonse limene lakhala mwezi osatsegulidwa.

Pa loko wokolowekera yambani ndi kutokosa m'bowo la kiyi ndi singano kapena kawaya kowonda, mupukute kunja ndi mswachi wakale. Ikani kapaipi kofiira pa chitini, mupopere masekondi awiri m'bowo la kiyi ndi m'mabowo awiri olowa chitsulo chopindika. Musiyeni mphindi 10 mpaka 15. Kenako lowetsani kiyi ndi kumutulutsa kambirimbiri, mukumupukuta ndi kansalu nthawi iliyonse. Muona zakuda zikutuluka. Tembenuzani loko kuti bowo liyang'ane pansi, mugogode pa thabwa, mupoperenso mpaka zotuluka ziyere. Apa WD-40 sanama, ngakhale loko amene wakhala dzinja lonse pamvula nthawi zambiri amamasuka. Chitini cha 200ml chimakwanira maloko onse a pakhomo n'kutsalako. Chimayaka moto, choncho musapopere pafupi ndi mbaula kapena koloboyi.

Kiyi akalowa koma osazungulira, kanikizirani chitsulo chopindika m'kati uku mukupotoza, chifukwa kawirikawiri ndi chimene chapanikiza zam'kati. Pulayazi ayi. Kiyi wa brass sachedwa kuthyoka, ndipo chidutswa chikatsalira m'kati ntchito yasanduka ina.

Vuto limayamba pamene anthu ambiri amalekezera. WD-40 anapangidwa mu 1953 ku San Diego kuti azithamangitsa madzi pa zitsulo ndi kuteteza dzimbiri. Mbali yake yaikulu imauluka, n'kusiya kamafuta kochepa. M'loko wa mapini, amene nthawi zambiri amakhala ndi mizere isanu, mzere uliwonse uli ndi mapini awiri ndi kasipuling'i kowonda kwambiri. Kamafuta kaja kakagwira fumbi la mwera, mapini amayamba kuchedwa kutsika, kiyi n'kumakodwa. Mwini loko amapoperanso, loko amamasuka, pakapita miyezi ingapo ayambiranso. Mafuta ophikira ndiye oipitsitsa, amauma n'kusanduka ulimbo. Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto ali ndi zinyalala kale.

Ndiye mukamaliza kutsuka, thirani sipiriti pang'ono m'bowo kuti achotse mafuta otsala, loko muyanike padzuwa tsiku lathunthu, bowo litayang'ana pansi. Akauma bwinobwino finyiranimo graphite wochuluka ngati mutu wa machesi, mulowetse kiyi kakhumi ndi kumuzunguza. Osachulutsa. Ufa wambiri umadzaza pamwamba pa mapini, ndipo graphite akakumana ndi mafuta osauma amapanga phala lolimba loposa vuto limene munayamba nalo. Mukachita bwino, kiyi amatsetsereka ndipo fumbi lilibe pomata.

Graphite nayenso ali ndi zofooka zake. Amadetsa manja ndi matumba a zovala masiku oyamba. Pa loko amene mvula imamuwomba mwachindunji amaundana, ndipo pamenepo sipuleyi youma ya PTFE (pulasitiki yoterera yotchedwanso Teflon) imachita bwino kuposa iye. Amadutsa magetsi, choncho musamuike poliza galimoto. Si hadiweya iliyonse imene imamusunga. Akasowa, pekesani pensulo yofewa ya 4B kapena 6B pa mano a kiyi. Ya HB ya ana a sukulu imathandizako, koma ili ndi dongo lochuluka.

Loko wa m'chitseko wa kiyi wamtali kumupopera pabowo n'kungotaya mankhwala. Afunika kumutsegula. Masulani zogwirira, musolole kachitsulo ka ngodya zinayi, mumasule masikuluwu awiri a m'mphepete mwa chitseko, loko atuluke. Mugonekeni patebulo musanachotse chivundikiro, ndipo mujambule chithunzi pafoni musanakhudze kanthu. M'kati muli timbale tosanjikizana, tiwiri, titatu kapena tisanu, kalikonse ndi kasipuling'i kake, ndipo mukasokoneza ndondomeko yake kiyi wanu satsegulanso. Tsukani zonse mu parafini ndi mswachi, dzimbiri louma mukhule ndi sandipepa wosalala, muumitse. Girizi pakani pang'ono ndi chala pa lilime lokhomera ndi pa kalilime kotsekera, poti pamenepo chitsulo chimakhulana ndi chitsulo mwamphamvu. Pa timbale tija girizi ayi: amatimatiza pamodzi, kiyi akakweza kambale kamodzi tonse timakwera, loko n'kukana. Pamenepo pakwanira graphite, kapena dontho limodzi la oyilo wa makina osokera pa kamsomali kamene timbaleto timazungulirapo. Mukapeza kasipuling'i kothyoka, palibe sipuleyi imene ingakonze. Pezani loko wakufa wa mtundu womwewo muchotsemo.

Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, yesani kukiya chitseko chili chotsegula. Loko akayenda bwino chotsegula n'kukana chotseka, wolakwa si loko. Thabwa latupa ndi chinyezi kapena mahinji alekerera, ndiye lilime sakulunjika pa bowo la felemu. Mangani mahinji, kapena kulitsani bowolo ndi tupa mamilimita awiri. Kiyi nayenso amatha. Wodulidwa potengera kiyi wina wodulidwa amasiyana pang'ono ndi woyambirira, ndipo mafuta sangabweze chitsulo chimene chadyeka.

Kodi ndingagulenso? WD-40 inde, wotsukira, wa mahinji ndi mabawuti ogwira dzimbiri. Graphite kabotolo kamodzi kamakhala zaka. Maloko akunja ndi bwino kuwasamalira kawiri pa chaka, mu Seputembala mwera ukatha ndi mu Epulo mvula ikaleka. Pa loko wa pageti khomerani chidutswa cha chubu cha njinga yamoto pamwamba pake kuti chimuphimbe, ndipo azilendewera bowo la kiyi litayang'ana pansi.