Chaka cha prep school kapena junior college: wosewera baseball alowere kuti?

Ku America, mnyamata akamaliza sekondale koma makochi a m'mayunivesite osamuona, amakhala ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kuwonjezera chaka pasukulu yogonera yokonzekeretsa ana kuyunivesite (prep school), monga Bridgton Academy ku Maine kapena IMG Academy ku Florida. Ubwino wake ngwakuti zaka zisanu zosewera zimene NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, imapereka mu Division I (gawo lapamwamba kwambiri) sizinayambe kuwerengedwa. Mwana amakhwima thupi, n'kukonzanso magiredi. Koma fizi yake ndi yoboola m'thumba, madola masauzande makumi angapo. Ndipo ku Maine chisanu chimachedwa kutha, moti masewero enieni amayamba pamene makochi ambiri atasankha kale anthu awo.

Yachiwiri ndi junior college, koleji ya zaka ziwiri: ndi yotsika mtengo, masewero ndi ambiri, ndipo mwana amakumana ndi anyamata okhwima kale. Zaka zija zimayamba kudyeka, inde, koma matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball, akhoza kumutenga pakangotha chaka chimodzi, pomwe wa kuyunivesite nthawi zambiri amadikira zitatu. Katswiri wa baseball Bryce Harper anadzera ku junior college ya College of Southern Nevada, n'kukhala woyamba kusankhidwa pamene matimu a MLB ankasankha osewera atsopano mu 2010.

Ine ndingalipire prep school pokhapokha vuto likakhala magiredi kapena mwana akuchira kuvulala. Ngati vuto ndi kusaoneka chabe, apite ku junior college.