Munda wa Botanic ku Zomba: kutentha umakuthetsa, utsi ayi

Mu Okutobala, munthu ukachoka kumsika wa Zomba dzuwa lili paliwombo nkukwera kumtunda kukalowa m'munda wa Botanic, thupi limamva kusintha usanayende nkomwe mapazi makumi awiri. Mundawu uli m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi nyumba zakale za boma, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo. Unayamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Mitengo ina ndi yakale ndithu, ndiye chifukwa chake mthunzi wake ndi wothithikana.

Kuzizira kwake kumachokera kutatu. Masamba amatchinga dzuwa lisanafike pakhungu ndi pansi, pomwe m'tauni tala ndi malata zimamwa dzuwa tsiku lonse nkumakubwezerani kutenthako. Mitengo imakoka madzi m'nthaka nkuwatulutsa m'masamba, ndipo madzi akamauluka amachotsa kutentha mumpweya, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. Kenaka pali mtsinje, womwe madzi ake amachokera pamwamba pa phiri lotalika mamita oposa 2,000, ndipo madzulo mpweya wozizira umatsetsereka motsata chigwa chomwecho. Choncho m'mundamo simuzizira mofanana. Pakapinga poyera masana pamawotcha ngati pabwalo la mpira. Amene wabwera kudzapumula asankhe pansi pa mtengo waukulu kufupi ndi madzi, osati pongooneka bwino pojambulitsa.

Mthunzi umanyenga. Anthu amaiwala kumwa madzi chifukwa sakumva kutentha, chonsecho akwera chitunda kuchokera m'tauni ndipo ataya kale thukuta lambiri. Aliyense anyamule lita imodzi ndi theka ngati akukhala maola atatu kapena anayi, ndipo poyendayenda kukutentha azimwa kapu imodzi pa mphindi 20 zilizonse, osadikira ludzu. Mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu ndi zizindikiro zoti thupi latopa ndi kutentha. Wotero mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi pakhosi ndi m'khwapa, azimwa pang'onopang'ono. Paketi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino; ikasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi zimagwira ntchito. Akayamba kubwebweta kapena kukomoka, musachedwe, thamangirani naye kuchipatala. Madzi a mumtsinje ndi oziziritsira nkhope, osati akumwa.

Pa nkhani ya mpweya ndi pomwe tiyenera kunena chilungamo. Poti mundawu uli patali ndi msewu wa M3, utsi wa maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza, komanso fumbi la m'misewu, sizifika kwenikweni. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, moto wolusa m'phiri, kutentha mapesi m'minda ndi osaka mbewa zimadzaza chigwa chonse ndi utsi. Tizidutswa ta utsi nting'onoting'ono kwambiri, tosaposa ma maikiromita 2.5, timadutsa pakati pa masamba nkukalowa mkati mwenimweni mwa mapapo. Mitengo imagwira fumbi lalikulu, koma utsi wotere siyiutha. Njira yodziwira ndi yapafupi: mukayang'ana kuphiri nkuona kuti mitengo ya m'mwamba yabisika m'chimbuuzi chotuwa, tsiku limenelo wa mphumu, mayi woyembekezera, khanda ndi agogo asakhalitse panja. Wa mphumu asasiye kunyumba mankhwala ake opopera, ndipo othamanga aleke kaye, chifukwa wothamanga amakoka mpweya wochuluka kangapo kuposa amene wakhala pansi.

Mu Juni ndi Julayi vuto limakhala la m'mamawa. Usiku mpweya wozizira umatsika nkukhazikika pansi, nkutsekereza utsi wa mbaula ndi nkhuni mpaka dzuwa litakwera. Miyezi imeneyi ndi bwino kufika cha m'ma 10 koloko, juzi ili m'manja, chifukwa Chiperoni akabwera mthunzi womwe uja umasanduka chisanu. Nthawi yotentha ndi mosemphana: fikani m'mawa, kapena dikirani 3 koloko ikwane. Mpweya wabwino koposa umapezeka mvula ikangokata, itatsuka fumbi lonse, ngakhale miyala ya m'mbali mwa mtsinje imaterera ndipo madzi amatha kudzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa kuphiri.

Madzulo m'mbali mwa madzi mumayamba udzudzu, ndiye ana avale zamanja aatali. Chakudya muzisunga m'chikwama chotseka. Apusi a ku Zomba sachita manyazi ndi nthochi.