Injini ikatentha: kuchotsa thermostat kapena kuika yatsopano?

Corolla yakale ikayamba kubwata pokwera zitunda za ku Dedza, amakaniko ambiri amathamangira kuchotsa thermostat, kachitsulo kamene kamatsegula njira ya madzi opita ku radiyeta injini ikatentha. N'zotchipa, ndipo singano yoonetsa kutentha kwa injini imatsikadi. Koma m'mawa injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, zitsulo zam'kati n'kumadyeka msanga. Chimandiwawa n'chakuti ngati radiyeta yatsekeka kapena fani yafa, vutolo mwangolibisa.

Thermostat yatsopano imafuna ndalama, komabe ine ndimasankha imeneyo. Musanagule, ikani yakaleyo mumphika wamadzi pamoto, muziyang'anitsitsa. Yabwino imayamba kutseguka madzi akafika madigiri pafupifupi 82, asanawire n'komwe. Ikakhala chitsekere mpaka madzi kubwata, yafa, isintheni. Ikatseguka bwinobwino ibwezereni, mukaone chivindikiro cha radiyeta ndi pampu yamadzi.