CapCut, Canva kapena PowerPoint: kanema wa Khirisimasi kutchalitchi tipangire iti?

Mipingo yambiri ya m'tauni tsopano ili ndi pulojekita, ndipo Disembala akangolowa, achinyamata oyang'anira zokuzira mawu amapemphedwa kukonza kanema wa mphindi ziwiri kapena zitatu woti aonetsedwe abusa asanakwere pagome. Mkangano umayambira pa pulogalamu yoti agwiritse ntchito. Muyeso wanga ndi umodzi: agogo amene akhala pa benchi lakumbuyo awerenge mawu onse ndi kuwazindikira ana amene akuoneka pakhomapo.

CapCut ndi ya kampani ya ByteDance, eni ake a TikTok, ndipo chibadwa chakecho chimaonekera. Inapangidwira makanema oimirira a pafoni, a 9:16, pomwe pulojekita imafuna kanema wogona, wa 16:9. Mukaiwala kusintha muyesowu poyamba, mpingo udzaona kachithunzi kowonda pakati, uku ndi uku mdima. Mujambulenso foni itagona cham'mbali, apo ayi kusintha muyesowo sikuthandiza kanthu. Koma mukakhala ndi zithunzi zanuzanu, monga ana a Sande sukulu akuyeserera sewero la kubadwa kwa Yesu, Mariya atafunda chitenje cha mayi ake, abusa a nkhosa atagwira ndodo za nsungwi, CapCut ndiyo imaposa zinzake. Kudula, kulumikiza, kutsitsa mawu a kwaya kuti wowerenga Luka 2 amveke, zonsezi zimatheka pafoni wamba, ndipo ntchito yambiri imayenda ngakhale bandulo yatha, bola musafune zokongoletsa zofunika kudawuniloda. Kumapeto imakonda kuikako kachidutswa ka chizindikiro chake, kafufuteni musanasunge. Mawu olembedwa pansi pa kanema mudzalemba nokha, chifukwa njira yake yodzilembera yokha siimva Chichewa. Musachite ulesi pamenepa. Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja, ndipo mvula ikayamba kuwomba malata, sipika ngakhale yaikulu bwanji imagonja. Mawu olembedwa okha ndiwo amatsala.

Canva inayamba ku Australia mu 2013, ndipo mphamvu yake ili pa malemba ndi maonekedwe. Ngati kanema wanu ndi wa vesi, mutu wa ulaliki ndi ndondomeko ya mapemphero a sabata imeneyo, Canva imakupatsani chinthu chooneka bwino mu ola limodzi. Ilinso ndi dongosolo lopereka zolipira mwaulere kwa mabungwe osachita malonda amene analembetsedwa, choncho mlembi wa mpingo angayese kufunsira. Koma imadya bandulo, pakuti pafupifupi chilichonse chimadalira intaneti. Vuto lalikulu kwa ine lili pa zojambulidwa kale zomwe mumangodzaza mawu. Mukafufuza za Khirisimasi, zimene zimabwera ndi chipale chofewa, mitengo ya paini yokutidwa ndi timagetsi, ndi Father Christmas atavala chijasi. Kuno nthawi imeneyo chimanga chili m'mawondo, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza. Mwana wa ku Ntcheu akaona chipale pakhoma la tchalitchi chake, amaphunzira kuti Yesu anabadwira anthu akutali, ndipo ine zimenezo zimandipweteka mtima. Ngati mwasankha Canva, chotsani zithunzi zawozo, muikemo munda wobiriwira, khola la mbuzi, kapena khomo la tchalitchi chanu. Onaninso ngati mtundu wa zilembo womwe mwasankha ukutulutsa bwino ŵ, makamaka mukakopera vesi la mu Buku Loyera, chifukwa mitundu ina imaika kabokosi pamalo pake.

PowerPoint anthu amaipeputsa, koma ili kale pa laputopu ya mipingo yambiri, siifuna intaneti, ndipo imatha kusunga ntchito yanu ngati kanema wa MP4. Mumaika zithunzi, mumauza silaidi iliyonse masekondi oti ikhale, mumaikamo nyimbo, basi. Podula kanema wojambulidwa ndi yofooka, palibe chobisa. Koma ili ndi mwayi womwe CapCut ilibe: mutha kuionetsa ngati masilaidi osaisandutsa kanema, wina n'kumadina potsata wowerenga. Pa Lachisanu Loyera, pamene mawu asanu ndi awiri a Ambuye pamtanda akuwerengedwa mwachifatse, mkulu wa mpingo n'kumaima pakati kuti anthu asinkhesinkhe, kanema woyenda yekha amathamangitsa wowerenga. Silaidi imadikira.

Ena amatchula KineMaster ya ku South Korea. Ndi yabwino, koma yaulere imasiya chizindikiro chake pakona. DaVinci Resolve ya Blackmagic Design ili ndi mtundu waulere wamphamvu kwambiri, koma imafuna kompyuta yolimba komanso nthawi yoiphunzira. Iyambeni mu Januwale, osati pa 20 Disembala.

Nkhani ya nyimbo imakhudza zonsezi. Nyimbo zopezeka mkati mwa mapulogalamuwa zili ndi malamulo a eni ake, ndipo mukaika mwambo wa mapemphero pa Facebook kapena YouTube, gawo lomwe muli nyimbo ya mwini wake likhoza kutsekedwa mawu. Kuno kwathu zaumwini wa nyimbo zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo oimba nyimbo zauzimu nawonso amadyera thukuta lawo. Njira yosavuta ndi kujambula kwaya yanu ikuimba nyimbo yakale ya m'buku, foni itaikidwa pafupi, zitseko zitatsekedwa.

Ndiye ngati muli ndi zithunzi za ana ndi kwaya, tengani CapCut, mutapempha kaye chilolezo kwa makolo. Ngati ndi mavesi ndi zolengeza, Canva pamene bandulo ilipo, PowerPoint pamene palibe. Malemba akhale oyera pa chithunzi choderako, mizere isapitirire iwiri, chifukwa dzuwa la m'mawa lolowera pazenera limafufutitsa mitundu yonse. Sungani kanemayo pa mlingo wa kaonekedwe wa 1080p, kapena 720p ngati laputopu ndi yakale. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti kanema asaphwanyike, ndipo mukamuyesere m'tchalitchimo Loweruka pa ola lomwelo la mapemphero, wina atakhala pa benchi lakumbuyo akuwerenga mokweza.