Farnsworth kapena Eames: Nyumba iti yotengerapo nzeru?

Anzanga okonda nyumba zamagalasi ndi zitsulo za m'ma 1950, pakati pa ziwiri izi zotchuka ku America ndimasankha ya Eames, ngakhale pa zithunzi ya Farnsworth ndi imene imakoka maso.

Ya Farnsworth ili ku Plano, m'chigawo cha Illinois, m'mphepete mwa mtsinje wa Fox. Katswiri wa mapulani a nyumba, Mies van der Rohe, anailembera pulani dokotala wa impso wa ku Chicago, Edith Farnsworth, ndipo inatha mu 1951. Ndi chipinda chimodzi chachikulu, makoma onse galasi, chokwezedwa pa nsanamira 8 zachitsulo pafupifupi mamita 1.6 kuchoka pansi. Khitchini ndi mabafa zili m'chigawo chamatabwa chapakati, kwina konse n'koyera. Ukakhala mkati, nkhalango yonse imakuzinga. Kukongola kwake sindikutsutsa ngakhale pang'ono.

Koma kugonamo ndi nkhani ina. Mphepo imangolowera pachitseko ndi timawindo tiwiri. Usiku nyali zikayaka tizilombo timasonkhana, mpaka mwini wake anatchinga khonde ndi sefa. Madzi osefukira analowamo mu 1954, 1996 ndi 2008, kukwezedwa konse kuja sikunathandize. Dokotalayo ndi Mies anafika mpaka kukhoti pa nkhani ya ndalama zomangira. Amene mumadziwa kutentha kwa Okutobala ku Nsanje kapena ku Tete, ganizirani kawiri musanauze womanga kuti khoma lonse likhale galasi.

Ya Eames ili ku Pacific Palisades, mu Los Angeles. Charles Eames ndi mkazi wake Ray anaimanga mu 1949 ngati nyumba nambala 8 m'ndondomeko ya Case Study, imene John Entenza, mkonzi wa magazini ya zomangamanga, anayambitsa mu 1945 pofuna nyumba zabwino zosaboola m'thumba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Zitsulo ndi mawindo ake zinali zogula kale kufakitale. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pulani yoyamba inali yoti nyumba idutse pakati pa bwalo la udzu, koma iwo atalikonda bwalolo anasintha maganizo, n'kuikankhira m'mbali mwa phiri, kuseri kwa mzere wa mitengo ya bulugamu. Mitengoyo ndi imene imasefa dzuwa. Ndipo si khoma lonse galasi ayi: pena pali zigamba zofiira, zabuluu, zoyera, zakuda, choncho pobisala palipo. Mbali ina ndi yogona, ina yogwirira ntchito, pakati kabwalo.

Analowamo pa 24 Disembala 1949 ndipo anakhalamo mpaka imfa, Charles mu 1978, Ray mu 1988. Mkati munadzaza mabuku, mikeka, zidole, maluwa ndi mphatso zochokera kutali, koma nyumbayo siinaoneke yothinana. Mu ya Farnsworth, katundu wotere angasokoneze zonse.

Ngati muli ndi mwayi wokaona imodzi yokha, pitani ku Plano, chifukwa kumeneko alendo amalowa mkati, pomwe kwa Eames ambiri amasuzumira ali panja. Koma ngati mukulemba pulani ya pa puloti yanu, yambani mwayang'ana pamene pali mitengo, monga anachitira a Eames.