Ntchito ya Mzuzu University yophunzitsa anthu za madzi

Nthambi ya Centre of Excellence in Water and Sanitation, yoona za madzi ndi ukhondo ku Mzuzu University, ndimaiyamikira kwambiri chifukwa nzeru zake sizithera m'kalasi. Kudzera mu SMART Centre, malo ophunzitsira luso losavuta la za madzi, yaphunzitsa amisiri kukumba zitsime pamanja komanso kupanga mapampu a chingwe, omwe ndi otsika mtengo ndipo amakonzedwa ndi zipangizo zopezeka pafupi, zomwe n'zofunika m'dziko lathu momwe mijigo yambiri imangokhala yowonongeka posowa woikonza.

Pempho langa n'lakuti nthambiyi ifikirenso mafumu ndi makomiti a mijigo, n'kuwafotokozera m'Chitumbuka ndi m'Chichewa lamulo la za madzi la 2013, poti si onse amene amadziwa kuti kukumba mjigo kumafunika chilolezo cha National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi.