Mfuti ya LM5 ndimaidziwa bwino, koma sindingaisunge pakhomo panga ku Thyolo

Mbava zitaba ng'ombe ziwiri zamkaka m'khola la mnansi wanga kufupi ndi Bvumbwe, mkuluyo anabwera kwathu m'mamawa maso ali psuu, n'kundifunsa kuti: "Achimwene, inu munagwirapo mfuti zachisilikali ku Joni, kodi nditapeza yotero mavutowa sangathe?" Ndinalephera kuwayankha mwachidule chifukwa mfutiyo ndimailemekeza, ndipo ndikufuna kuti ubwino wake ndiunene monse ndisanafotokoze chimene ndinawaletsera.

Pa zaka zimene ndinkagwira ntchito yoperekeza galimoto zonyamula ndalama ku Johannesburg, ndinkanyamula LM5. Mfutiyi ndi mphwake wa R5 ya asilikali ndi apolisi a ku South Africa, yomwe inapangidwa potengera Galil ya ku Israel. Kusiyana kwake n'kwakuti ya asilikali imatha kulavula zipolopolo mosalekeza chala chikangokhala pa chowombera, pamene LM5 imatulutsa chipolopolo chimodzi pa kukoka kulikonse, kenaka n'kudzilowetsera yokha china. AR-15 yotchuka ku America imagwiranso ntchito chimodzimodzi, ndipo zonsezi zimadya zipolopolo za mamilimita 5.56.

Ubwino wake woyamba ndi kukhulupirika. Pa nthawi yonse imene ndinaigwira, pafumbi ndi pamvula pomwe, siinandikanirepo ndikaisamala bwino. Siikankha phewa mwamphamvu ngati chifefe, kotero munthu wophunzitsidwa amatha kulasa pamalo amodzi kangapo motsatizana ngakhale pa mtunda wa mamita 100. Magazini yake, mosungira zipolopolo, imalowa zipolopolo 35, mbali yotsamiritsa paphewa imapindika kuti munthu atuluke nayo msanga m'galimoto, ndipo kulemera kwake, pafupifupi makilogalamu 4, sikutopetsa kwenikweni. Kwa mlonda amene akuyembekezera gulu la achifwamba onyamula AK-47 pamsewu waukulu, chida chimenechi n'choyenera ntchito yake, ndipo sindingachinyoze.

Koma pakhomo pa mlimi wa ku Thyolo si pamsewu waukulu wa ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, ndipo mphamvu imene ndikuyamikirayi ndi yomwenso ikundiopsa. Chipolopolo chake chimachoka pa liwiro la pafupifupi mamita 900 pa sekondi, ndipo chikaphonya chimatha kuuluka mtunda woposa makilomita 2. Taimani pakhonde panu madzulo muone mmene tinakhalira kuno: malo ambiri ali ndi minda ya tiyi ndi makadamiya ya maesiteti, ife tinapanikizana m'mbali mwake, nyumba kuseri kwa nyumba, khola kugundana ndi khitchini ya mnzako. Kuchokera pa khola langa kufika pa zenera la chipinda chimene mumagona ana a mchemwali wanga pali mapazi osakwana 40, ndipo pakati pake pali nthochi ndi mpanda waudzu basi. Chitseko chamatabwa, lata kapena zenera sizingaimitse chipolopolo chotere. Usiku wa chiperoni, pamene tochi imangounika utsi woyera ndipo sungasiyanitse mbala ndi mnyamata wolawirira kukasiya mkaka, munthu wamantha amene ali ndi zipolopolo 35 m'manja sawomba kamodzi.

Palinso nkhani ya kasungidwe, imene ofuna mfuti ambiri saiganizira. Kuntchito kuja mfuti inkagona m'chipinda chachitsulo, tinkaisainira poitenga ndi poibweza, zipolopolo zinkawerengedwa chimodzichimodzi, ndipo tinkabwerera kukayesedwa pa bwalo lowombera. Pakhomo zonsezi zimagwera munthu mmodzi, amene mawa ali kumaliro, mkuja ali kumsika wa Bvumbwe, kiyi atamusiya pansi pa pilo m'nyumba yodzaza ana ndi alendo. Chinyezi cha kuno nachonso chimadyetsa chitsulo dzimbiri msanga ngati sichipakidwa mafuta kawirikawiri. Ndipo mbiri ikangomveka kuti kwa auje kuli mfuti yachisilikali, achifwamba amasiya kulondola ng'ombe n'kuyamba kulondola mfutiyo.

Ife a m'malire tikudziwa kumene mfuti zotayika zimathera. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma ma AK-47 amene anatsalira m'manja mwa anthu anavutitsa madera oyandikana ndi Muloza ndi Milange kwa zaka zambiri pambuyo pake. Maiko ena anaphunzira mowawa kuposa apa. Australia inakhwimitsa malamulo mu 1996 anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur, ndipo New Zealand inaletsa mfuti zamtunduwu mu 2019 munthu mmodzi atapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch. Kuno kwathu lamulo la mfuti limafuna chiphaso chochokera ku polisi, ndipo yogulidwa mwamseri, ngakhale itatchipa bwanji, imatengera mwini wake kundende.

Mnansi wanga ndinamuuza kuti ndalama zimene akanathera pa mfuti azigwiritse ntchito pomanga khola lanjerwa zowotcha lokhala ndi chitseko chachitsulo, nyale ya sola ndi agalu awiri, ndipo tinagwirizana ndi mabanja oyandikana nafe kuti aliyense azigona ndi wenzulo pafupi komanso nambala ya apolisi a m'dera lathu ikhale m'foni. Sabata yatha tinathira simenti pa maziko a kholalo.